Sawasha ya a Msaiwale kwa a Kalimbira

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1953 m'mudzi mwa Kapichi, kwa Mfumu Yaikulu Malemia, m'boma la Zomba. Dzina lawo lonse ndi Bambo Paterson Yosefe Msaiwale, achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Abusa, akulu a mpingo, inu nonse mwasiya mashifiti anu kudzatipepesa, ndiponso inu akumudzi amene mukutiona pafoni, ine ndaima panoyu ndine Norman Chagwa, mkamwini wawo. Ndikudziwa kuti kwathu ntchito ya mkamwini pamaliro ndi kuwaza nkhuni, osati kuwerenga mbiri. Koma eni mbumba ali ku Zomba, ife tili kuno ku Perth, ndipo mliri wa Covid-19 watseka njira. Pomwe ndipunthwe, mundikhululukire.

Sukulu anayamba ku Domasi mu 1961, ndipo analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Pa 2 Epulo 1973 analowa usilikali ku Zomba komweko. Pamzere wa tsiku limenelo, kumbuyo kwawo kunaima mnyamata wa ku Ntcheu, dzina lake Flywell Kalimbira. Dzina limeneli mulisunge, pakuti mbiri ya malemu singanenedwe popanda a Kalimbira.

Pa 13 Ogasiti 1977 malemu anamanga ukwati woyera ndi Mayi Annastazia, a Kalimbira ali mboni. Mayi akutimva panopa, akhala pakhonde la nyumba yawo ku Chinamwali. Kuyambira chaka chimenecho palibe munthu wina amene anasitapo yunifomu ya malemu. Ankaisita ndi simbi ya makala, mzere wa buluku wakuthwa ngati mpeni. Analinso ndi chizolowezi chimodzi. Malemu akamanyamuka ulendo uliwonse, Mayi ankawaikira mtedza wokazinga m'thumba, ati msilikali sadziwa komwe akadye.

Mu 1988 malemu ndi a Kalimbira anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji. Kumeneko chipolopolo chinawapeza pantchafu, ndipo a Kalimbira anawabereka kumsana mpaka kumsasa. Ali chigonere m'chipatala, awiriwa anapangana kuti amene adzatsale adzavale yunifomu yonse, adzaime pamanda a mnzake, akweze mkono pachipumi n'kumuchitira sawasha. Pangano limeneli analibwereza pamaso pa akazi awo, ndipo ankalikumbutsana mwanthabwala chaka ndi chaka, wina kumuuza mnzake kuti asachite mimba yunifomu ingadzakane kulowa.

Pa 30 Juni 2003 malemu anapuma pa ntchito ali Sajeni Meja, ndipo anatuluka ndi yunifomu yawo ya mwambo, mendulo zake, lamba, jombo ndi chipewa. Monga ankatiphunzitsira, msilikali wopuma savala yunifomu chifukwa wadzuka nayo chilakolako. Iwo anali ndi masiku atatu basi: tsiku lokumbukira asilikali mu Novembala pachipilala cha ku Zomba, maliro kapena chiliza cha msilikali mnzawo, ndi tsiku loti iwo eni aikidwe m'manda. Ankati ukavala uvale yonse, apo ayi uisiye m'bokosi. Ankatinso munthu wopanda chipewa sachita sawasha, amangoima njo.

Ambiri anawayesa, onse analephera. Andale anabwera kudzawapempha kuti akakhale kutsogolo pamsonkhano atavala mendulo, koma anawabweza asanamalize n'komwe tiyi. Ngakhale ine, pa ukwati wanga ndi mwana wawo Gladness mu 2009, ndinapempha kuti avale yunifomu kuti zithunzi zikongole. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nandifunsa ngati pa ukwati wangawo pamwalira msilikali. Sindinapemphenso. Anabwera atavala suti yotuwa, ndipo anavina kuposa mkwati.

Pa 8 Febuluwale 2020 malemu anafika kuno ku Perth kudzaona mdzukulu wawo Leah, amene anali atangobadwa. Mayi anatsalira kuti ayambe akolola chimanga. Yunifomu anaisiya, pakuti anati mlendo ndi mame, Novembala adzawapeza ku Zomba. Mu Malichi malire anatsekedwa. Mu Ogasiti madokotala a ku Murdoch anawapeza ndi khansa ya m'matumbo, nawaletsa kuyenda ulendo wautali. Iwo sakanatha kupita, Mayi sakanatha kubwera. Mame aja anakhala pa udzu chaka ndi miyezi.

Inu a ku Girrawheen mukuwadziwa mmene anakhalira pakati pathu. Ankadzuka m'mawa kusesa pakhomo ndi pamsewu pomwe, mpaka aneba anayamba kuchita manyazi ndi makomo awo. Kutchalitchi ankandanda mipando ngati perete. Adzukulu akamawayankha m'Chingerezi cha kuno, iwo ankanamizira kugontha mpaka mwana anene kuti wawa agogo.

Pa 19 Januwale 2021 uthenga unafika woti a Kalimbira atisiya ndi Covid-19. Anaikidwa m'mawa mwake, mothamanga, ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso. Kunalibe lipenga, kunalibe msilikali ndi mmodzi yemwe. Malemu anaonera pafoni ataima njo pabalaza pathu, atavala malaya anga. Bokosi likutsika, tonse tinaona dzanja lawo lamanja likufuna kukwera, iwo akuligwira ndi lamanzere. Gladness anawauza akulira kuti angochita, Mulungu akuona mtima. Anapukusa mutu. Analibe chipewa, ndipo dzanjalo silinakwere. Abale anga, ndaona anthu akulira, koma kulira kwa tsiku limenelo sindidzakuiwala.

Kuchokera pamenepo nkhani yawo inali imodzi. Akulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo ife tinaliona likuwadya apongozi anga kuposa matenda. Tinawapempha kuti tiitanitse yunifomu adzachitire sawasha chithunzi, anakana, ati anapangana za manda osati za chithunzi. Ankaumirira kuti achira, akwera ndege. Mu Juni madokotala anatiuza poyera kuti mankhwala afika pamapeto. Mwezi womwewo Mayi Theresa, mkazi wamasiye wa a Kalimbira, anatidziwitsa kuti chiliza chidzavundukulidwa pa 2 Okutobala. Malemu anati chiliza chili m'gulu la masiku atatu aja, ndipo ngati foni ingaime pamanda enieniwo, yunifomu ibwere.

Mayi anaichapa, anaisita ndi simbi yawo ija, anaipinda, natumiza. Inafika m'dziko muno bwinobwino, koma pachipata choyendera katundu wolowa anaigwira. Atatsegula katunduyo anapeza mtedza wokazinga m'thumba la jekete, ndipo mukudziwa nonse kuti kuno mbewu salowa nazo chisawawa. Katundu anakhala komweko masabata, ife tikuimba mafoni, malemu akuonda, Okutobala akuyandikira. Mayi anasiya kudya, ati aphetsa pangano la amuna awo. Mayi, ndikulankhula ndi inu pamaso pa anthu onsewa. Musadziimbe mlandu. Bambo atamva chomwe chagwiritsa katunduyo anaseka mpaka misozi, ndipo kanali komaliza ife kuwamva akuseka. Ananena kuti ndiye kuti Annastazia akudziwa kuti ali pa ulendo.

Yunifomu inafika sabata yomweyo ya chiliza, mtedza atachotsamo. Malemu anaikumbatira, nati ikununkhira makala a kwawo. Koma atayesa kuvala, jekete linangolendewera ngati lili pamsomali. Anati sangaime pamaso pa Flywell ngati choopsezera mbalame m'munda. Apa tithokoze Mayi Chilekwa, mlongo wathu wa ku Zambia wa mumpingo muno, amene anabwera ndi makina awo osokera n'kuibweza m'mbali, osadula nsalu ngakhale pang'ono, osagwiranso mzere umene Mayi anasita.

Pa 2 Okutobala 2021, kuno ili folo koloko masana, ku Ntcheu ili teni koloko m'mawa, Gladness anawaveka bambo ake. Mapazi anali otupa, jombo zikukana. Tinati avale masilipasi, pakuti foni sionetsa kumapazi. Anatifunsa ngati ife tinaonapo Sajeni Meja wa masilipasi. Jombo zinalowa, iwo atakukuta mano. Anakana kuchitira m'nyumba, anakananso mpando wa mateyala. Tinawatulutsira kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Ine ndinagwira foni, Gladness anawagwira lamba chakumbuyo kuti asagwe.

Kumanda kuja anachotsa nsalu, dzina la a Kalimbira linaoneka. Malemu anawongoka. Ine sindikudziwa kumene mphamvuyo inachokera, pakuti m'mawa mwake supuni ya phala inkawalemera. Dzanja linakwera mpaka pachipewa. Nthawi yomweyo netiweki inaduka, pafoni pangotsala kachizindikiro kozungulira. Mayo ine! Ndinaimbanso, osalowa. Ndinaimbanso kachiwiri. Thukuta linali chuchuchu, Gladness akuwachonderera kuti atsitse dzanja, kwakwana. Anayankha osatembenuka, nati: "Sanandione." Dzanja linakhala pomwepo mpaka chithunzi chinabwerera, ndipo tinamva mawu a Mayi Theresa ali chogwada pachiliza, akuti: "Alamu, tsitsani. Anzanu alandira."

Anatsitsa dzanja, tinawanyamula, ndipo sanaimenso pa miyendo yawo. Analamula kuti yunifomu ivulidwe nthawi yomweyo, ati mwambo watha, sangagone nayo pabedi. Masiku otsatirawo ankagona tulo tabwino, tomwe sanagone chichokereni a Kalimbira. Pa 9 Okutobala tinapita nawo kuchipatala ku Murdoch, ndipo Lolemba pa 11 Okutobala 2021, cha m'ma naini koloko m'mawa, anatsikira kuli chete, Gladness atawagwira dzanja, Mayi akuwaimbira nyimbo pafoni. Anali ndi zaka 68. Anatiuziratu kuti tisavutike kunyamula thupi, msilikali amagona pomwe wagwera.

Lero ndi tsiku lachitatu lija. Inu amene mwaona nkhope mwaona kuti avala yonse, kuyambira chipewa mpaka jombo. Mayi, inu simunawaone ndi maso chichokereni pabwalo la ndege la Chileka, ndipo zikutiwawa kuti sitinathe kukubwezerani amuna anu. Koma dziwani kuti mzere wa buluku ndi wanu uja, palibe waupitanso ndi simbi. Ndipo Gladness wagula mtedza kuno, wakazinga monga munamuphunzitsira, waika m'thumba la jekete. Ulendo uno palibe chipata choti akaugwire.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Annastazia Msaiwale, ana anayi, Edmund ndi Connie ku Zomba, Joan ku Mzuzu, ndi Gladness kuno, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Kate, kwa Kapichi.

M'malo mwa banja ndithokoze abusa ndi mpingo, amayi a Mvano amene sanachoke pakhomo pathu, madokotala ndi anamwino a ku Murdoch, anzake a Gladness amene anamugwirira mashifiti kuti akhale ndi bambo ake, ophunzira a ku Bentley amene akonza zoti akumudzi atione, a Malawi ndi a Zambia a mipingo yonse, ndi aneba athu. Ife tilibe chokubwezerani, Mulungu yekha adzaze pomwe mwachotsa.

Chomaliza. Pano palibe msilikali. Ife tonse ndife anthu wamba, ndipo malemu akanatikalipira tikanayerekeza kukweza dzanja. Koma pafonipo, kumbuyo kwa Mayi, mukuona akuluakulu atatu ataima pabwalo. Ndi a Jethro Mwase ndi anzawo awiri, otsala mwa amene analowa usilikali mu 1973. Afika ku Chinamwali kusanache, avala yunifomu yonse, pakuti lero n'lololedwa. Mabwana, tikafika kumanda foni tiiimika kumutu kwa dzenje kuti muwachitire sawasha. Netiweki ikaduka, musatsitse dzanja. Ifenso kuno tagwirizana ndi adzukulu okumba manda kuti bokosi silitsika mpaka malemu akuoneni.

Pitani bwino, Sajeni Meja, mukamupeze Flywell mulibe naye mangawa. Mzimu wanu uuse mumtendere.