Filimu Yoti Wakufa Asadzukenso

Pa siteji ya maminibasi otchedwa makombi ku Budiriro, mayi wina wovala zakuda anaima patebulo la bambo woika mafilimu m'mafoni.

"Muli nawo a anthu ouluka aja, bambo?"

"Ambirimbiri, mayi. Ouluka, okwera makoma, onyamula basi ndi dzanja limodzi. Akanakhala a kuno bwenzi akutitungira madzi kumjigo."

"Ine ndikufuna yoti ngwaziyo ikafa, ifedi."

"Imeneyo ndiye yovuta. Amafa bwinobwino, anthu n'kulira, inenso ndinalirapo. Chaka chamawa mungomuona wadzuka, wasintha malaya okha."

"Nanga nkhani yake ili pati?"

"Ilipo ndithu. Imaphunzitsa ana kulimba mtima."

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankaonera zimenezi ndi bambo ake Loweruka lililonse. Tawaika m'manda mwezi watha. Sanalire. Akuti tidikire gawo lachiwiri."

Bamboyo anazimitsa nyimbo, nafufuza pakompyuta kwa nthawi yaitali.

"Pepani, mayi. Yomuuza zimenezo pano palibe. Mukamuuze nokha."

"Ndimadziwa, bambo. Ndimangofuna wina andiyambire."