Ababa Aone Nyanja Diso Lisanatseke

Ndikupatsani moni abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo nonse, m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Mundikhululukire, mawu anga lero ndi otsika. Ndatopa, abale anga. Sindibisa, ndatopa.

Ambiri mumandidziwa, ndimathyola tiyi pa esiteti pomwepa. Ababa anga ndi awo akhala kumbuyoko ndi ndodo. Iwowa anabadwira kuno ku Thyolo, koma bambo awo anachokera ku Mozambique, kufupi ndi nyanja yamchere, anabwera wapansi kuthawa ntchito ya Apwitikizi. Ababa akula akumva za Quelimane, za Angoche, za chilumba chija cha nyumba zamiyala zakalekale, koma phazi lawo silinadutsepo ngakhale pa malire a Muloza. Moyo wonse, tiyi, tiyi, tiyi.

Chaka chino maso awo anayamba kuchita mdima. Kuchipatala adokotala anandiitanira pambali, amvekere, "Mayi, iyi si ng'ala yoti tingapale. Lamanzere lapita kale, lamanja likutsatira." Tinabwerera pa minibasi. Titafika pa Luchenza ndi pomwe ababa anati, "Mwanawe, ine sindikupempha zambiri. Ndikaone nyanja ya bambo anga diso ili lisanatseke."

Ndinati chabwino. Mlamu wanga ali ndi kagalimoto, anavomera. Tinakhala naye pansi ndi mapu a pafoni: tidutse pa Muloza, Milange, Mocuba, tikafike ku Quelimane, kenako tizikwera tauni ndi tauni, paliponse pomwe msewu ukuyandikira madzi tiziima, ababa azitsika, aziona. Tinati tinyamuke nthawi yozizira, tiyi akagona, chifukwa ndi pomwe kuntchito amapereka holide mosavuta.

Koma inu! Nkhani itangomveka kuti galimoto ikupita kunyanja, pakhomo panga panasanduka siteji. Uyu akuti ndikwere nawo, ndili ndi azakhali ku Mocuba. Uyu akuti mukandigulire zitenje. Uyu nsomba zouma. Ena kubweretsa zigubu, ati mukatitungire madzi amchere, amachotsa minyama. Ena mwa eni zigubuwo muli mom'muno, musayang'ane pansi, sinditchula maina.

Ndiye mukudziwa kuno kwathu, wachibale sumuuza kuti ayi. Chibale ndi fupa, sichiola. Achibale a ababa anati mkuluyu sangatuluke m'dziko ife tisanakhale pansi. Tinadikira kuti akhale pansi. Atakhala pansi anayamba kukangana za woti akwere kutsogolo. Mwezi unatha. Titati tsopano tinyamuke, kwa aneba kunagwa maliro, ndipo sungalize galimoto kupita kokaona malo anzako akulira. Titaika, kunagwanso ena ku Goliati. Kenako chiliza. Kenako galimoto inafuna matayala.

Nthawi yonseyi diso lija silinkadikira msonkhano wa munthu. Ababa anayamba kufufuza kapu ndi dzanja. Tsiku lina anandipatsa moni ngati mlendo, ine mwana wawo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinapita kuseri kwa bafa ndi kukalira. Ndinali ndi mkwiyo, abale. Ndinakwiyira achibale, ndinakwiyira maliro, Mulungu andikhululukire, ndinafika mpaka pomufunsa Iye kuti kodi nyanja munailengera azungu okha?

Ndiye mvula yoyamba inagwa. Inu a pa esiteti mukudziwa tanthauzo lake. Tiyi anaphuka ngati wamisala. Ndinapita kwa akapitawo, ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Iwo anati, "Mayi, nkhani yanu ndaimva, koma nthawi ya holide munali nayo. Pano masamba sadikira. Mizere yanu ikakhwima ndikayankha chiyani ku ofesi? Mukachoka, ndiika wina."

Ndinanyamula dengu langa, ndinabwerera mumzere. Manja akuthyola, misozi ikugwa. Ndinati basi, zatha. Ndikadikira kuti mvula ithe, misewu ya kunyanja idzakhala itaduka, ndipo ikamadzauma ababa adzakhala ali mumdima. Sindinapemphere pemphero lalitali, mphamvu zake ndinalibe. Ndinangoti, "Yehova, ndalephera. Onani nokha."

Imvani tsono. Pa sikelo yoyezera tiyi tsiku lomwelo, amayi ena a gulu lathu, omwe anali oyamba kubweretsa chigubu kwathu, anaika dengu pansi n'kuima pamaso pa akapitawo. Anati, "Mizere ya mnzathuyu tithyola ife. Tizitsalira tikaweruka. Sidzakhwima ngakhale umodzi." Wina anati inenso. Wina inenso. Amayi otopa ngati ine ndemwe, misana yopweteka, ana akudikira kunyumba. Akapitawo anavula chipewa, anakanda m'mutu, anati, "Pitani, malo anu mudzawapeza."

Madzulo ake amayi aja anazungulira m'makomo, aliyense anabwera kudzatenga chigubu chake. Ofuna mpando anauzidwa kuti ulendo uno ndi wa diso la mkuluyu, si wa malonda. Zomwe ine ndinalephera kunena miyezi yonseyi, anandinenera anzanga. Aleluya!

Tikunyamuka Lachiwiri, atatu okha. Kaya tikafika matauni onse aja, sindikudziwa. Mtima wanga unali ukadali ndi mantha kuti mwina tachedwa kale. Koma lero m'mawa, tikubwera kuno, ababa anaima panjira pakati pa tiyi. Anatseka diso lakufalo ndi dzanja, anakweza ndodo, anati, "Mwanawe, si Mulanje uyo?"

Ndinayang'ana komwe ndodo inaloza. Abale anga, analoza phiri lenilenilo.

Zikomo Yesu. Zikomo abusa, zikomo amayi a mizere yanga. Ine mphamvu yovina ndilibe lero, ndiye ndikupempha inu: imirirani, ombani m'manja, lululutirani m'malo mwanga. Diso likadali lotsegula.

Amen!