Tidalimiza Boti Kuti Lichire

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine mphunzitsi Kalonga, uja amakhala pabenchi yakumbuyo. Sindine wolankhulalankhula, koma abusa andipatsa mphindi zochepa kuti ndinene zomwe ndidaona.

Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri. Kuno ku Nkhudzi idandibweretsa ndi ntchito. Nditapuma uphunzitsi, ine ndi malemu mkazi wanga Esinati tidagula boti lamatabwa. Tinkatenga alendo kupita nawo kumiyala, kuwabwereka magalasi oonera pansi pa madzi kuti akaone nsomba zokongola zija za mbuna. Ine pa injini, iye pa zakudya. Esinati adatisiya kutatsala chaka kuti mliri ufike. Ndidapitiriza ndekha, ndipo m'botimo ndimo ndinkapezako mpumulo.

Kenako Kovidi adafika. Ndege zidaima. Malo ogona alendo adatseka. Ngakhale muno tinkalowa owerengeka. Sabata yoyamba, palibe mlendo. Yachiwiri, palibe. Mwezi wonse, palibe.

Ndidaganiza ngati munthu wakumapiri. Chinthu chikaleka kugwira ntchito umachisunga pouma, si choncho? Ndidapempha asodzi kuti andithandize kukokera botilo pamchenga. Anansi anga, Che Jafali, Msilamu wokhoma maboti, adadutsa nkundifunsa ngati ndagula kabati. Adandiuza kuti boti lamatabwa silikhala padzuwa. Ndidamwetulira, ndidathokoza, koma sindidamve. Ndinkaopa kuti mphepo ya mwera ingalimenyetse pamiyala.

Lidakhala pamtunda mpaka nyengo yotentha. Tsiku lina ndidapita kukaliyang'ana bwinobwino. Abale, kuwala kunkadutsa pakati pa matabwa. Ndidapisa chala, chidalowa. Matabwa adauma, adafota, adasiyana. Palibe adandilakwira. Ndidaliononga ndekha, ndikuyesa kulisunga.

Ndidakhala pansi pamchengapo. Ndidafuna kupemphera, mawu osabwera. Sabata yomweyo kudabwera munthu wina wowamba nsomba, akuti ndimugulitse botilo ngati nkhuni. Nkhuni, abale. Mpando womwe Esinati ankakhalapo ukawambe kampango. Kunyumba ufa udali pansi pa thumba. Ndidamuuza kuti abwere Loweruka.

Lachisanu Che Jafali pochokera kumzikiti adandipeza ndikumasula zingwe. Sadandikumbutse zomwe adanena kale. Adazungulira boti, akugogoda thabwa lililonse ndi nkhonya, khutu ali nalo pafupi. Kenako adati:

"Aphunzitsi, ili silidafe. Lili ndi ludzu basi. Tilimize."

Ndidakana. Chiyambire ntchitoyi ndinkaopa chinthu chimodzi chokha, kuti boti lingamire, ndiye lero ndilimize ndi manja anga? Adandifotokozera kuti thabwa likamwa madzi limatupa, mipata nkutsekeka yokha, zotsalazo nkumata ndi thonje ndi phula. Koma sadandibisire. Adati ngati matabwawo adaola mkati, lidzatuluka lophwasuka, ndipo ngakhale wankhuni uja sadzalifunanso.

Loweruka m'mawa mawu opemphera adabwera, ochepa chabe. Ndidati, Ambuye, nzeru zanga mwaziona pomwe zandifikitsa. Wankhuni atafika ndidamupepesa, ndidamubweza. Ine, Che Jafali ndi asodzi aja tidakankhira botilo m'madzi ofika m'chiuno nkuyamba kuikamo miyala. Mwala womaliza ndidaika ndine. Lidatsika pang'onopang'ono mpaka madzi adakwirira mipando.

Lidakhala pansipo masiku asanu ndi atatu. Tsiku lililonse ndinkapita kukaima pomwepo. Ena pagombe ankati aphunzitsi azungulira mutu. Sindidawaimbe mlandu. Ndikadaona mnzanga akuchita zimenezo, mwina nanenso ndikadatero.

Tsiku lolivuula tidachotsa miyala, tidakapa madzi ndi zidebe. Lidakwera, abale. Lidakwera. Mipata idatsekeka, kupatula matabwa awiri akutsogolo omwe Che Jafali adasintha. Nditawafunsa kuti ndiwathokoze bwanji, adati ndingowatengera akazi awo akaone zomwe azungu amabwerera kuchokera kutali.

Mayi amenewo ndiwo adali alendo anga oyamba boti litachira. Adabadwira pagombe pompano, koma adali asanayang'anepo pansi pa madzi. Adavala galasi, adaviika nkhope atagwira m'mphepete mwa boti, adakhalitsa ndithu. Atadzuka adayang'ana amuna awo nkunena kuti:

"Zaka zonsezi kunsiku kuli zoterezi, inu kumangondibweretsera utaka?"

Ndidaseka. Chimwalirire Esinati ndidali ndisanasekepo choncho.

Mayiwo sadasunge pakamwa. Adauza achibale awo kutauni ya Mangochi, achibalewo adauza anzawo. Adayamba kubwera anamwino otopa ndi ntchito, asilikali ndi ana awo, anthu otopa ndi kukhala m'nyumba. Ndinkatenga banja limodzi paulendo, panja pamphepo, magalasi nkutsuka ndi sopo aliyense akatha. Zaka zonse zija ndinkadikira alendo apandege, osadziwa kuti anthu akwathu nawonso sadaione nyanja yawo.

Lero akunja adayambanso kubwera, koma ambiri amene ndimatenga ndi a konkuno. Sindidalemere. Ndimadya, ndimapereka chakhumi, ndimagona bwino. Ndikuthokoza Mulungu amene adandimva ndisanapeze mawu, nkunditumizira munthu amene sadandinyoze pa kusamva kwanga. Boti lili pamadzi. M'mawa uliwonse ndimakapamo madzi pang'ono, ndipo Che Jafali akuti boti lamoyo limatero.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.