Khoma limene ndinkapempherera kuti lisagwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kwathu kuno ku Mitundu. Ine ndine Nangozo, mayi wa ana anayi. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mundikhululukire pamene ndalemba mokhota. Ndikufuna ndikuuzeni mmene banja langa linatsalira pang'ono kutha chifukwa cha khoma la njerwa, ndi mmene Mulungu anandiyankhira pondimana chimene ndinkapempha.

Amuna anga, a Mbewe, kwawo ndi ku Nathenje, kuno ndi akamwini. Ndi mmisiri womanga nyumba. Ntchitoyi anaphunzira kwa amalume awo, kuyambira kuponda matope mpaka kugwira okha chipande chomangira. Pepala la umisiri analibe, koma nyumba zambiri m'mudzi mwathu ndi manja awo. Mkamwini amalemekezeka ndi ntchito yake, ndipo iwo ulemu wawo wonse unali m'manjamo.

Amayi a m'mudzi titagwirizana zomanga sukulu ya mkombaphala, tinaumba njerwa tokha, abambo n'kuwotcha. Womanga sitinasake kutali. A Mbewe anamanga monga amamangira nthawi zonse: maziko ofika m'bondo, njerwa zomanga ndi matope, pamwamba pake pulasitala wa simenti. Chipindacho chinali chachikulu kuposa nyumba iliyonse imene anamangapo. Tsiku lotsegulira tinavina mpaka fumbi, ndipo mwana wathu wotsiriza, Tadala, wa zaka zinayi, anali m'gulu la ana oyamba kulowamo.

Patangotha milungu itatu kunabwera mayi wina wa ku boma woyendera zomangamanga, atavala chipewa cholimba chija. Anakanda pulasitala ndi kiyi, matope n'kuyoyoka. Anafunsa za ring'ibimu, lamba wa konkire ndi zitsulo uja amazungulira nyumba pamwamba pa mawindo. Panalibe. Anafunsa ngati womanga ali ndi pepala. Analibe. Analankhula mofatsa, koma pamaso pa anthu onse, kuti malamulo a masiku ano salola nyumba yosonkhanamo ana kumangidwa chotero, ndipo mwana asalowemonso.

A Mbewe anati, "Mayi, nyumba zanga zaona mvula zaka zambiri, palibe imene inagwapo."

Iye anati, "Bambo, nyumba yogona ndi yaing'ono, makoma ake amagwirana. Khoma lalitali chonchi laima lokha."

Pachitseko anaikapo loko. Ana tinawasamutsira m'chigafa cha fodya cha achimwene anga. Apo ndiye pakamwa pa anthu panatseguka. Amayi omwe tinkaumba nawo njerwa ankati thukuta lawo lapita pachabe. Ku chigayo ankaseka kuti tinkafuna sukulu koma akamwini atimangira khola la mbuzi. Amene anawalonjeza ntchito anayamba kunena kuti tidikire kaye. Achimwene anga enieni anandiuza kuti mwamuna wanga wachititsa mudzi manyazi.

M'mawa wina a Mbewe anamanga bulangete ndi hamala panjinga, chipande ndi levulo yoyezera khoma n'kuzisiya pawindo. Anati, "Nangozo, pamudzi pa eni pano nkhope ndilibenso. Ndikapume kwathu." Ndinagwira njinga kumbuyo, koma anandichotsa manja pang'onopang'ono.

Ndinamva kuti ku Nathenje akuswa miyala m'mbali mwa msewu. Poyamba foni ankayankha mawu awiri, kenako anasiyiratu. Ndinalima ndekha, ndinadzala ndekha. Ankhoswe anapita kawiri, n'kubwerako ndi mawu akuti abwera zikazizira. Tadala akamva belu la njinga ankathamangira kumsewu, n'kubwerako yekha. Zimenezo ndi zimene zinkandidula mtima kuposa mawu a anthu.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinkasala kudya, ndinkagwada, koma pemphero langa linali limodzi: Ambuye, khoma lija lisagwe, anthu aone kuti mayi wa chipewa uja ananama, amuna anga abwerere ndi ulemu wawo. Mvula ikagwa ndinkadzera kusukuluko popita kumunda, ndikalipeza chiimire n'kumati Mulungu wamva. Mayi ujanso ndinkamufunira zoipa zimene sindingalembe pano.

Fodya atayamba kukhwima, achimwene anati chigafa chawo akuchifuna. Ine ndi amene ndinayenda khomo ndi khomo kuuza amayi anzanga kuti taonani, mvula yonseyi khoma lili nji, tithyole loko ana abwereremo. Anandimvera. Tinagwirizana kuti Lolemba lotsatira ana alowa.

Sabata imeneyo kunagwa mvumbi wa masiku anayi. Lachisanu kunacha bwino, ndipo linali tsiku langa lophika phala kuchigafa. Ndili mkati mogawa, tinamva chiphokoso ngati lole ikukhuthula miyala. Khoma lalitali lija la sukulu linali litagwera mkati, denga n'kutsatira. Inali nthawi yeniyeni ya phala. Ndinayang'ana ana atakhala pamzere ndi makapu awo, n'kuwerenga masiku otsala kuti lifike Lolemba. Tadala anandikoka chitenje n'kunena kuti, "Amayi, ndionjezereni." Sindinathe kupemphera. Ndinangokhala pansi ndi kulira.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Nathenje. Ndinawapeza pakachisakasa pakati pa milu ya miyala, ataonda, diso lamanzere atamanga nsanza. Kamwala kanali katawathethekera m'diso masiku angapo m'mbuyomo, osauza munthu. Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza zonse, za khoma ndi za loko zomwe. Anandimvetsera hamala ili m'manja.

Kenako anafunsa, "Khoma liti?"

Ndinati, "Lakum'mawa."

"Tadala ankakhala pati?"

"Ankatsamira lomwelo."

Hamala inawapulumuka. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanaonepo a Mbewe akulira, ngakhale pa maliro a amayi awo. Anati, "Nangozo, ndikanakwirira mwana wanga ndi manja angawa, pamodzi ndi ana a eni." Ine ndinati, "Wotsegula chitseko ndikanakhala ine." Tinalira tonse awiri pamiyala pomwepo, anthu odutsa akutiyang'ana.

Tinapita kuchipatala ku Nkhoma. Anayesetsa, koma tinali titachedwa, diso silinabwerere. Kuchoka kumeneko sanatchulenso za Nathenje, tinalunjika kunyumba.

Mayi wa chipewa uja atabweranso kudzaona chogumukacho, a Mbewe anapita okha, pamaso pa anthu omwe aja, anavula chisoti n'kumuthokoza. Ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi anzanga. Iye sanawanyoze ayi. Anawafunsa ngati angalole kuphunzira pa msinkhu wawowo, n'kuwalozera kumene amisiri akale amaphunzitsidwa kamangidwe katsopano ndi kuyesedwa mayeso. Bambo wa imvi, wa diso limodzi, anakakhala pabenchi ndi ana obadwa dzulo, ndipo pepala analitenga. Pomanganso sukuluyo ndi mabuloko a simenti, kontirakitala wovomerezeka ndi boma anawalemba ntchito. Ring'ibimu anathira ndi iwo.

Sindikunena kuti zonse zinabwerera mwakale. Alipo ena mpaka lero satiyankha moni bwino chifukwa cha njerwa zawo zija. A Mbewe saseka monga kale, ndipo mvula ikagwa yambiri amayendera nyumba zonse zimene anamanga kale, akugogoda makoma, eni ake akuwadabwa. Koma ali pakhomo. Belu la njinga likalira, Tadala akathamanga sabwerakonso yekha. Ndipo m'mudzi mwathu simunakumbidwe manda a mwana ngakhale mmodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinkalirira. Khoma lija likanangopirira masiku ena atatu, pemphero langa likanayankhidwa mmene ndinkafunira, ndipo lero bwenzi ndikulemba zina. Inu amene mwagwada nthawi yaitali koma zikungooneka ngati akukumanani, musaleke kugwada. Mulungu amaona mkati mwa khoma, ife timaona pulasitala.

Mayi uja dzina lake sindinalifunse, manyazi anandigwira. Koma tsiku silidutsa osamupempherera, ndipo ndimangoti, Ambuye, sungani mayi wa chipewa uja kulikonse kumene akutseka zitseko lero. Mwini wake akumudziwa. Ameni.