Chingwe Chofiira cha Injini ya Boti

Pamzere wa m'shopu ya zitsulo za mainjini a maboti, bambo wina wa ovolosi anasuzumira kaswitchi kozimitsira injini, ka chingwe chofiira chomanga pamkono, kamene mayi wa patsogolo pake ananyamula.

"Mayi, mwaima pamzere wonsewu chifukwa cha kameneko? Injini ikukana kulira?"

"Inkakana. Tinasintha mapulagi, tinapala dzimbiri pa batire, koma moto osabwera."

"Ndiye vuto ndi kozimitsira komweko, kamalowa madzi. Musavutike kugula kena. Ingodulani waya wake, mukulunge ndi tepi, injini ilira pompo. Tonse timatero."

"Tonse ndani?"

"Aliyense woyendetsa boti. Chingwe chofiiracho chimangosowetsa mtendere pamkono."

"Mukuyankhula ngati alamu anga. Nawonso anadula wayayo, uku akudzitama kuti magetsi amawadziwa kuposa makaniko. Injini inaliradi."

"Mwaonatu."

"Ndinaonadi, bambo. Funde linagwetsera amuna anga m'madzi. Chingwecho chinali pamkono, chinasololoka bwinobwino, koma injini osazima chifukwa waya anali wodulidwa. Boti linazungulira lokha n'kubwerera pa iwo, mapiko a injini n'kuwatema mwendo."

"Pepani, mayi, sindimadziwa. Panopa ali bwanji?"

"Ali m'chipatala, akuphunzira kuyenda ndi ndodo. Alamu anga aja sanapondeko ngakhale kamodzi. Botilo ndiziyendetsa ndine tsopano, kuti ana adye."

"Ine ndimangofuna kukuthandizani."

"Nawonso ankathandiza. Waya wanuwo kaduleni, ndi wanu. Koma muyambe mwafunsa akazi anu ngati angathe kukunyamulani popita kubafa."