Denga Losadontha

Pasiteji ya basi ku Atlanta, moyang'anizana ndi koleji ina, mayi wogulitsa matamale, timikate ta chimanga tokulunga m'makoko, anayamba kucheza ndi bambo wa nsapato zodzaza phula.

"Mukuliyang'anitsitsa bwanji denga la kolejilo, bambo? Likudontha?"

"Lidonthe? Ndinakhoma ndine limenelo, mayi. Mwana wanga Yaretzi amaphunzira pansi pake."

"Ndiye mwalemeratu! Amaliza liti?"

"Mwina ine nditamera mano ena. Alibe mapepala, ndiye amamulipiritsa katatu kuposa anzake. Akuti ndi wakunja."

"Anabwera liti kuno?"

"Akuyamwa. Kwathu ku Michoacán sakudziwako ndi njira yomwe. Ndiye timagula phunziro limodzi pa teremu. Kosi ya zaka ziwiri, chino n'chaka chachisanu."

"Bola wanuyo. Wanga Osvaldo anasiyira panjira. Masamu onse aja pano akuwerengera matamale angawa."

"Pepani. Koma chitsiru ndine, mayi. Tsiku lomwe tinamaliza dengalo ndinadziguguda pachifuwa kuti ngakhale dontho limodzi silingalowe."

"Nanga cholakwika n'chiyani pamenepo?"

"Ndikanasiya kabowo. Bwenzi mwana wangayo akumvera aphunzitsi iye ali pamwamba pa denga, mwaulere."