Wilibala Nambala 14 Yapezeka

Omvera anzanga, ine anandilanda ntchito pondinamizira kuti ndinaba wilibala nambala 14. Ndinkagwira kwa bambo ena obwereketsa zida zomangira ku Kawale, ndipo tizitsulo ta manambala pa zidazo ndinkakhoma ndine. Pa mawilibala ndinkatibisa kunsi.

Loweruka ku Biwi ndinaona mlamu wa abwanawo akututa mchenga ndi wilibala yopakidwa penti watsopano. Sindinapereke moni. Ndinakhuthula mchengawo n'kuigadabuza. Nambala 14 inali pompo!

"Iwe, ukutani?"

"Ndikuwerenga, achimwene. Sukulu ndinasiya, koma manambala ndimawadziwa."

Ndinaikankha mpaka ku Kawale ndikuseka ndekha mumsewu. Abwana angoti ndibwerere kuntchito mawa. Ndawauza kuti akapepese kaye kwa amayi anga, amene anasiya kupita kumsika chifukwa cha manyazi.